Amalume a Shaibu, Dalaivala wa Dikirani

Amalume a Shaibu tinawaika m'manda tsiku lomwelo limene anamwalira, monga mwa Chisilamu, ndipo pa onse amene anayankhula pamaliropo panalibe ndi mmodzi yemwe anatchula za basi. Shehe anati anali munthu wa swala. Zoona. Mkulu wina anaimirira n'kunena kuti malemuwa anali munthu wofatsa. Bodza limenelo! Ndikanaimirira pomwepo, koma mkulu wanga anandikoka malaya. Amalume sanali ofatsa. Anali aliuma, osamva za mnzawo, ndipo injini ankaitukwana ngati yawabera. Ndakangana nawo moyo wanga wonse, ndiye musandiuze ine za kufatsa. Ndalemba izi kuti amene simunawaone mudziwe munthu amene tataya, osati uja wa pamaliro.

Amene munakulira kwa Mwadzama zaka za chipani chimodzi mukuikumbukira basi ya kampani imene inkachoka pa Boma n'kutsikira kumidzi ya kunyanja. Inali imodzi yokha. Inabwera kwathu itatha kale ntchito m'misewu ya m'tauni, poti zotopa za ku Blantyre ankatitayira ife. Anthu anaitcha Dikirani. Amayi ankapita pa siteji atanyamula mphasa ndi chinangwa chophika, chifukwa palibe ankadziwa ngati ifika m'mawa, madzulo kapena mkuja. Chambo chaolera pa siteji poyembekeza Dikirani. Ana abadwira pa siteji poyembekeza Dikirani. Mawindo ena anali a makatoni, pansi panali zibowo zoti unkaona msewu ukuthamanga, ndipo mvula ikagwa anthu ankatambasula maambulera ali mkati momwemo.

Dalaivala wake anali amalume, mchimwene wa mayi anga. Ndinene mosapsatira: basi ija sinkayendera dizilo yekha, inkayendera liuma la munthu ameneyu. Paipi ikaphulika ankaimanga ndi mphira wa njinga. Thanki ikadontha ankamata ndi sopo. M'mawa uliwonse, atavala kachisoti kawo koyera, ankaizungulira akugogoda matayala ndi sipanala, khutu ali tcheru, ngati sing'anga pa wodwala wake wakale. Ankakonda kunena kuti chinthu chokalamba sulimbana nacho, umafunsa chimene chingakwanitse lero n'kupempha chomwecho basi.

Sitata ya Dikirani inafa ine ndisanamalize sukulu, ndipo kampani inalonjeza ina mpaka basiyo inatha. Choncho panali malamulo awiri. Pogona, basi inkaimikidwa pachitunda, mwala uli kutayala, kuti m'mawa ingotsetsereka n'kulira yokha. Masana, injini sinkazimitsidwa zivute zitani. Lachisanu amalume ankaiimika kunja kwa mzikiti ikulira, anthu ali momwemo, iwo n'kulowa kukaswali. Shehe wa nthawi imeneyo anadandaulapo za utsi umene unkalowa pawindo.

"A Shaibu, tikuswali ngati tili m'uvuni wa njerwa."

"Shehe, ndikaizimitsa, mukamaliza swala mudzakankha ndinu ndi mkanjo wanuwo."

Nkhani inathera pomwepo.

Ikazima yokha panjira, aliyense ankatsika kukakankha. Pa zimenezi amalume sankaona nkhope. Ankati kukankha kulibe bwana. Ndinaonapo wapolisi akukankha pambali pa mkaidi amene ankamuperekeza. Ndipo injini ikangogwira, iwo sankaima mpaka atafika pachitunda chotsatira, poopa kuti ingazimenso pamalo oipa. Okankha nonse munkatsatira wapansi. Ine ndinathamangapo choncho nditavala nsapato zatsopano za tsiku langa loyamba la uphunzitsi. Nditafika pamwamba, wefuwefu, ndinawakalipira pamaso pa anthu.

"Amalume, mumatiyesa ng'ombe? Bwanji simulembera kalata akuluakulu a kampani kuti basiyi yatha?"

Anandiyang'ana pagalasi lawo losweka.

"Tamverani a Fomu Folo. Kalata yanuyo ikabwera idzakankha?"

Basi yonse inaseka. Dzina la Fomu Folo linandikakamira mpaka lero ndili ndi imvi.

Si kuti zonse zawo zinali zabwino. Anali ouma mtima nthawi zina. Kondakitala wawo, a Mhango, bambo wa ana asanu amene makolo awo anachokera kumpoto n'kudzakhazikika kunyanja kuno, anawatsitsapo pakati pa tchire chifukwa choiwala kuthira madzi mu injini. A Mhango anayenda wapansi mpaka kwawo, ndipo m'mawa mwake awiriwo anamwera tiyi limodzi ngati palibe chachitika. Mwana wawo weniweni amalume anamukaniza kugwira chiwongolero, ati ali ndi manja a phuma. Mwanayo anapsa mtima n'kupita ku Dwangwa kukadula nzimbe, ndipo anabwerako bambo ake atakalamba. Zimenezi sindiziikira kumbuyo.

Koma chimene anthu ankadana nacho kwambiri chinali cha Pamatabwa. Pakati pa ulendo msewu unkatsika chitunda n'kufika pa kamtsinje, pamene panali mlatho wa matabwa wa nthawi ya atsamunda, kenako n'kukweranso tsidya linalo. Pofika pamwamba pa chitundacho amalume ankaimika basi n'kunena mawu omwewo tsiku ndi tsiku: "Tsikani muwongole miyendo." Aliyense ankatsika, kaya kuli dzuwa, kaya kuli mvula, kaya ndiwe nkhalamba yoyendera ndodo. Anthu ankawoloka wapansi, iwo n'kubwera ndi basi yopanda munthu. Tinkang'ung'udza, ine ndiye woyamba.

Tonse tinkadziwa kuti nkhani si miyendo. Nthawi ya chilimwe, madzi akaphwa, amalume ankatsikira kunsi kwa mlathowo n'kumabaya mitanda ndi chitsulo. Ankatulukako nkhope ili gwa, osanena kanthu. Ana a masiku ano sangamvetse chifukwa chake sankanena. Masiku amenewo zinthu za boma sizinkaola. Kunena kuti mlatho wadyedwa ndi chiswe kunali kunena kuti kulibe chitukuko, ndipo wonena kuti kulibe chitukuko ankapita kumene anthu sankabwerako msanga. Ndiye mlatho unali wabwinobwino, koma miyendo yathu ndi imene inkafunika kuwongola.

Atachotsedwa ntchito, anthu ambiri anati anadziputira okha. Ine ndinalipo tsiku limenelo, ndinakhala mpando wa kumbuyo kwawo kwenikweni, ndiye ndinene zimene ndinaona.

Inali nyengo ya mvula, kamtsinje kaja katadzaza mpaka kunyambita mitanda. Pa Boma pankabwera nduna, ndipo chipani chinatenga Dikirani kuti inyamule amayi ovina a kwathu. Aphunzitsi tinauzidwa kuti tiperekeze, wosapita adziwa yekha. Basi imene inkalira ndi anthu a masiku onse, tsiku limenelo inadzaza kawiri. Amayi anakhalirana pamiyendo, ambiri ali ndi ana kumbuyo, onse atavala nsalu zatsopano za chipani zokhala ndi nkhope ya mtsogoleri. Pamwamba anakwezapo ng'oma, matumba a mpunga ndi mbuzi zokapereka kwa nduna. Pakhomo panapachikika achinyamata a chipani a malaya ofiira, aja ankatifunsa makhadi pamsika. Mpando wa kutsogolo anakhalapo tcheyamani wa dera lathu, munthu wagolosale, amene udindo wake unali woti amayi afike nduna isanafike. Tinanyamuka mochedwa, poti Dikirani ndi Dikirani, ndipo tcheyamaniyo thukuta linali kamukamu. Nayenso ankaopa a pamwamba pake, zimenezo ndikuvomereza.

Titafika pamwamba pa chitunda cha Pamatabwa, amalume anaimika.

"Amayi, tsikani muwongole miyendo."

"Palibe wotsika," anatero tcheyamani. "Tachedwa kale."

"Bwana, ndi mwambo wa basi ino."

"Mwambo wa chiyani? A Shaibu, tanenani mokweza anthu amve. Mlathowu uli ndi vuto? Mlatho wa boma?"

Nyimbo imene amayi ankaimba inadukira pakati. Achinyamata aja analowetsa mitu mkati. Funsolo linali msampha, ndipo aliyense anauona. Akati inde, ndiye kuti anyoza boma pamaso pa mboni zodzaza basi. Akati ayi, ndiye awoloke ndi katundu yense uja pamitanda imene anaibaya okha ndi chitsulo.

"Ine sindinanene choncho, bwana."

"Ndiye tiyeni."

Analowetsa giya. Basi inatsika pang'onopang'ono, ine ndikuyang'ana madzi ofiira akuwinduka kunsi kwa matabwa. Titafika pansi penipeni, pamchenga, patangotsala pang'ono kuti tayala liponde thabwa loyamba, ndinaona dzanja lawo lamanzere likutsika pansi pa chiwongolero, pamene panali kawaya kozimitsira injini. Injini inati khu, khu, kenako zii.

"Yafwa, adada!" anafuula a Mhango kuchokera kumbuyo.

Tcheyamani anadzuka. "Ilizeni!"

"Ndi chiyani, bwana? Sitata yake ikadali ku Blantyre."

"Ndiye tikankhire kutsogolo!"

"Kutsogolo kuli chikweza, bwana, singagwire. Pokhapokha tiibweze pamwamba pomwe tachoka, itsetsereke."

Zinali zoona, ndipo tcheyamaniyo anakwerapo Dikirani kokwanira kuti adziwe kuti n'zoona. Basi yodzaza singakankhidwe chobwerera pachitunda. Aliyense anayenera kutsika.

Amayi anayamba kudandaula za nsalu zawo. Amene ankatsogolera nyimbo anali mayi Nachisale, mzimayi wamkulu wa mawu ngati lipenga. Anatsika, n'kuyang'ana madzi, n'kuyang'ana amalume pawindo. Anamanga nsalu yawo m'chiuno n'kutembenukira achinyamata aja.

"Bwerani kuno ana anga. Tionetseni mphamvu zija mumatifunsira nazo makhadi."

Anayambitsa nyimbo yopalasira bwato, ndipo tinaika mapewa pamphuno pa basi, amayi, aphunzitsi, a malaya ofiira, tonse. Matope anali ofika m'akakolo. Tinkakankha pang'ono, a Mhango n'kuika mwala, tipume, tikankhenso. Mbuzi pamwamba zikulira. Mmodzi yekha amene sanatsike anali tcheyamani. Anakhala pampando wake manja atapinda, ndipo tinamukankha naye limodzi ngati thumba la mpunga.

Titaifikitsa pamwamba, a Mhango anachotsa mwala. Dikirani inatsetsereka, inagwedezeka, inatulutsa chiutsi chakuda n'kulira. Monga mwa nthawi zonse, amalume sanaime. Anadutsa pamlatho ali awiri okha ndi tcheyamani. Tinamva matabwa akulira phwa, phwa, phwa, ndipo ndinaona mlatho wonse ukuvina. Sunagwe. Basi inakwera tsidya lija n'kukaima pachitunda, ife n'kuwoloka wapansi, amayi atagwirana manja, ana ali kumbuyo.

Tinafika pa Boma nduna italandiridwa kale ndi amayi a madera ena. Kuchedwako mwina akanakhululuka. Koma amayi athu analowa m'bwalo nsalu zawo zili matope okhaokha, ndipo matopewo anali pankhope ya mtsogoleri, pachifuwa ndi pamapewa pamene anatsamira basi. Anthu a pa nsanja anaona. Tcheyamani anaitanidwa, ndipo pofuna kudzipulumutsa anatchula dzina limodzi.

Apolisi anawatengera amalume pa depoti sabata yomweyo. Kampani inati munthu ameneyo inali itamuchenjeza kale, bodza lina. Tinalima, tinakolola, tinalimanso, amalume kulibe. Azakhali, akazi awo, ankagulitsa mpunga wophika pa siteji kuti ana adye, ndipo anthu ena ankaopa ngakhale kugula. Atabwerako anali ataonda ngati bango, mano akutsogolo palibe, laisensi atalandidwa. Za kumeneko sananenepo ndi kamodzi komwe. Ukafunsa ankangoti chakudya cha kumeneko chinali chopanda mchere.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti mlathowo sunagwe. Dalaivala amene analowa m'malo mwawo ankawoloka basi ili yodzaza, ndipo sunagwe. Anthu amene ankang'ung'udza potsika anapeza ponenera. Ati mwaona, a Shaibu ankangotizunza. Ati anapita kundende chifukwa cha mantha a chabe. Munthu wina ananena zimenezi m'tiyirumu ine ndili pomwepo, ndipo ndinamuthira tiyi kumaso. Sindinapepese ndipo sindidzapepesa. Anthu inu mumafuna kuti amayi aja amire kaye ndi ana awo kuti muvomereze kuti munthu anachita bwino?

Koma mkwiyo wanga waukulu unali pa iwo eni. Ndinkafuna anene. Ndinkafuna dziko lidziwe kuti injini ija sinazime yokha. Zinthu zitasintha, pakamwa pa anthu patatseguka, aliyense anayamba kufotokoza mmene anavutikira, ngakhale aja ankatimenya. Ndinapita kwa amalume ndili ndi moto. Ndinawapeza pakhonde akusoka ukonde wa mnzawo, poti ndiyo inali ntchito yawo ya ukalamba.

"Amalume, tsopano nenani. Munaizimitsa dala."

"Ndani wakuuza?"

"Ndinaona ndi maso angawa! Dzanja lanu linapita pa kawaya."

"Iwe unaona dzanja. Ine ndinamva injini ikutsokomola. Tikafunse ndani, poti basiyo anaiphwasula kale?"

"Mukuopa chiyani? Anthu aja kulibenso!"

"A Fomu Folo, mumakonda phokoso ngati injini yopanda oyilo."

Ndinamenya chibakera pamtondo umene unali pafupi, mpaka nkhuku zinabalalika. Iwo anapitiriza kusoka. Patapita nthawi, osandiyang'ana, anati mlatho uja mwina ukanapirira, mwina ayi, iwo sankadziwa, ndipo palibe ankadziwa. Anati munthu ukapanda kudziwa, suyesera ndi ana a eni. Anathera pomwepo, n'kundituma kuti ndiwapatsire singano imene inagwa.

Chiwongolero sanachigwirenso. Koma kuyenda ankayenda, makamaka kupita ku chipatala pa Boma chifuwa chitayamba kuwavuta. Apa ndi pamene ndinaona liuma lenileni. Dikirani itatha kunabwera basi ina yotopa chimodzimodzi, kenako timabasi ting'onoting'ono ta anthu wamba. Mlatho wa Pamatabwa anangoukhomerera matabwa atsopano pamwamba, mitanda ya pansi ndi yomwe ija. Amalume akakwera ankakhala mpando wa pakhomo, ndipo pofika pachitunda chija ankagogoda chitseko ndi ndodo yawo. Sankauza munthu kuti atsike. Analibenso mphamvu zouza munthu. Ankangotsika okha, n'kuyamba kuwoloka pang'onopang'ono, akutsokomola, pakati penipeni pa mlatho, moti galimoto sikanatha kuwadutsa. Madalaivala achinyamata poyamba ankaliza hutala n'kumatukwana.

"Madala, tili pa changu!"

"Ndikuwongola miyendo, mwana wanga."

Poti galimoto yaima kale ndipo mkati mukutentha, amayi ena ankatsika n'kuwatsatira. Kenako ena. Mapeto ake madalaivala anazolowera. Akaona kachisoti koyera pampando wa pakhomo ankangoima okha pachitundapo, kondakitala n'kutsegula chitseko, galimoto n'kuwoloka yopepuka. Masiku amene amalume sanakwere, inkawoloka yodzaza. Ankadziwa zimenezo. Sankadzinamiza kuti akonza dziko. Ankangoonetsetsa kuti galimoto imene akwera iwo isayesere ana a eni.

Titachita sadaka yawo ya arobaini, ya tsiku la makumi anayi chimwalirireni, ndinakwera minibasi kubwerera ku Boma. Inali yodzaza mpaka kondakitala theka la thupi lili panja. Dalaivala anali mmodzi wa aja anawazolowera. Titafika pamwamba pa Pamatabwa phazi lake linapita lokha pa buleki, galimoto n'kuima. Anayang'ana pagalasi. Pampando wa pakhomo panali dengu la usipa wouma, mwini wake ataligwirira ndi dzanja limodzi ali mpando wa kumbuyo. Palibe anagogoda chitseko. Tinakhala choncho kanthawi, injini ikunjenjemera, aliyense akuyang'ana kutsogolo.

"Nanga taimiranji?" anafunsa mtsikana wina wachilendo.

Dalaivala analowetsa giya, ndipo tinatsika tonse tili momwemo. Pamlatho panalibe munthu woyenda pakati. Matabwa analira pansi pathu kuyambira loyamba mpaka lomaliza, ndipo mayi amene ndinakhala naye pafupi anafumbatira mutu wa mwana wake pachifuwa mpaka titafika tsidya.